Nambala Imene Giyabokosi Inasunga

Ntchito yanga ndi ya magetsi a galimoto. Ndinaiphunzira ku Biwi, m'magalaja a pabwalo aja amene denga lake ndi mtengo wa kesha, pansi pake dothi lakuda bii ndi oyilo wa zaka zambiri. Nthawi imene ndikukambayi ndinkakhala ku Area 23 m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, ine, mkazi wanga ndi mwana wathu wamkazi amene anali asanayambe sukulu. Galaja sinali yanga. Mwini malo anali bambo wina wachikulire, makaniko wa mainjini, ndipo ine anangondipatsa kangodya pomwe ndinaika tebulo ndi bokosi la zitsulo.

Chaka chimenecho ndinali nditagula makina oyezera galimoto, amene ku Biwi aliyense amangoti kompyuta. Kanali kachipangizo kokula ngati buku la nyimbo za kutchalitchi, kokhala ndi galasi ndi chingwe chimene umalumikiza pansi pa chiwongolero. Ukangolumikiza, galimoto imayamba kuulula matenda ake. Amakaniko anzanga ankayeza ndi khutu ndi mphuno, ine ndinkangodina mabatani. Ndinayamba kudzimva, ndisabise.

Panalinso ntchito ina imene sindinkaitchula kunyumba. Dobadoba wina wa magalimoto, wa ku Area 25, ankabwera kamodzi kapena kawiri pa mwezi atabereka chikwama. Anali munthu wochepa thupi, wa malaya ositidwa bwino ndi nsapato zosongoka, wosekerera nthawi zonse. M'chikwamamo munkakhala dashibodi, ndikutanthauza kabokosi ka mawotchi kaja kamene kamaonetsa liwiro ndi mtunda umene galimoto yayenda, atakakulunga m'thaulo.

"Bigi, ibwezereniko unyamata iyi," ankatero.

Ndinkatsegula kumbuyo kwake, n'kulumikiza laputopu, n'kusintha nambala. Galimoto yoyenda makilomita 200,000 inkasanduka ya 60,000 ndi kanthu. Ntchito ya theka la ola. Galimoto yeniyeniyo sindinkaiona, woigula sindinkamuona. Ndinkadziuza kuti ndikakana ine apita kwa wina wa tsidya la msewu, ndipo zimenezo zinali zoona.

Lachiwiri lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, panafika pikapu ikukoka kagalimoto kasiliva pa chingwe. Pikapuyo inkanunkha nyama, ntchentche zikuitsata. M'kagalimoto kokokedwako munatuluka bambo wamkulu thupi, wa khosi lalifupi, mikono ngati minsi. Pambuyo pake ndinamva kuti anali ndi butchala ku Chinsapo. Woyendetsa pikapu anali mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake.

"Ndinu a kompyuta aja?" anandifunsa bambo wa butchalayo. Mawu ake anali otsika, osagwirizana ndi thupi lake.

"Ndine, bambo."

"Iyezeni iyi. Mundiuze chimene chinaiimitsa. Musandibisire kanthu."

Anati anaigula milungu isanu yapitayo. Sabata yachiwiri inayamba kunjenjemera ponyamuka. Kenako tsiku lina inangoima pakati pa msewu, injini ikulira bwinobwino koma mateyala osazungulira.

Ndinasolola kachitsulo koyezera mafuta a giyabokosi. Mafuta amene amayenera kukhala ofiirira anali akuda, akununkha chopserera. Ndinakhala pampando wa dalaivala, ndinatembenuza kiyi, dashibodi inayaka. Inkaonetsa makilomita 68,000 ndi kanthu. Ndinalumikiza makina anga.

Anthu ambiri sadziwa kuti m'magalimoto ena giyabokosi ili ndi kakompyuta kakekake, ndipo nako kamawerenga mtunda pakokha. Wobweza dashibodi nthawi zambiri safikako. Ine amene sindinkafikako, popeza ankandibweretsera dashibodi yokha. Ndinalowa m'gawo la giyabokosi, ndinadutsa mndandanda wa zowonongeka, n'kupeza mzere wa mtunda. Panalembedwa 291,000.

Ndikanatha kumuitanira pambali bamboyo. Koma amakaniko atatu anali atasiya ntchito zawo kudzaonerera, ndipo ine ndinkakonda anthu akamaonerera. Ndinatuluka m'galimoto makina ali m'mwamba.

"Bambo, anakugulitsani nkhalamba yodzola mafuta. Dashibodi ikuti 68, giyabokosi ikuti 291. Iyi inatopa kalekale isanafike kuno. Anakuberani masanasana."

Amakaniko aja anaseka. Wina anaimba mluzu. Bambo wa butchala sanaseke. Anatenga makinawo m'manja mwanga, anayang'anitsitsa nambalayo, milomo ikugwedera ngati akuiloweza.

"Ndiye kuti amene anandigulitsa ankadziwa?"

"Nambala siidzibweza yokha," ndinayankha choncho, ine.

Anandibwezera makina n'kukakhala pa teyala lakale pamthunzi. Mlamu wake anandikokera pambali n'kundiuza monong'ona chimene chinachitika tsiku limene galimotoyo inaima. Mlongo wake anali woyembekezera, mwezi wachisanu ndi chinayi. Anayamba kutaya magazi masana, mwamuna wake anamunyamula pa galimotoyo kulowera ku chipatala ku Likuni. Inakaima panjira. Magalimoto odutsa sanaime msanga, mpaka anamukweza pa njinga yamoto ya kabaza, mwamuna atamugwirizira kumbuyo. Mayiyo anapulumuka, koma mwana sanalire. Galimotoyo anali ataigulira zimenezo, kuti tsiku likadzafika asadzavutike mayendedwe.

Kuseka kuja kunandithera. Ndinaona bambo wa butchala akuitana mlamu wake n'kumuuza kuti aimbire wogulitsa galimoto uja pa foni yake, popeza wogulitsayo anali atasiya kuyankha nambala ya mwini galimoto. Mlamuyo analankhula ngati kasitomala watsopano: ali ku Biwi, akufuna galimoto lero lomwelo, abwere akambirane. Ndinamva mawu a munthu wokondwa mbali inayo, koma sindinawazindikire.

Tinadikira pafupifupi ola. Ndinayesa kugwira ntchito ina, ya sitata ya minibasi, koma maso ankangopita ku dashibodi ija. 68. Ine ndinkakonda kuika 60 ndi kanthu. Ndinadzilimbitsa mtima kuti ku Lilongwe obweza tilipo ambiri, ndiponso magalimoto ena amabwera obwezedwa kale kuchokera kunja.

Kenako njinga ya kabaza inaima pageti, ndipo panatsika malaya ositidwa bwino ndi nsapato zosongoka.

Dobadoba uja anayamba waona ine, n'kukweza dzanja akumwetulira. Kenako anaona kagalimoto kasiliva. Anatembenuka kuti abwerere, koma wa kabaza anali atanyamuka kale, ndipo mlamu uja anali ataima pageti.

Bambo wa butchala anadzuka pa teyala paja mosafulumira. Anamupatsa dzanja ngati moni, dobadoba n'kulilandira, koma dzanjalo silinabwerere. Anamukokera ku galimoto ngati mbuzi yopita kokaphedwa.

"Werenga apa," anamulozera dashibodi.

"Abwana, tiyeni tikambirane ngati akuluakulu. Galimoto ndi chitsulo, chimatha ku..."

"Werenga."

"68."

"A kompyuta, bweretsani."

Ndinabweretsa. Iye anatenga makinawo n'kuwaika pankhope pa dobadobayo.

"Werenga apa."

Dobadoba sanawerenge. Anayang'ana ine. Pomwepo bambo wa butchala anamugunda ndi mutu pamphuno. Ndinamva phokoso ngati munthu waponda chigoba cha dzira, magazi n'kutsikira pa malaya oyera aja. Asanagwe, anamugwira tsitsi la kunkhongo ndi lamba, n'kumumenyetsa nkhope pa boneti kamodzi, kawiri, katatu. Boneti inapindika. Mano awiri anagwera pansi pafupi ndi phazi langa, ndinawaona ndi maso angawa ali m'dothi la oyilo.

"Mwana wanga," ankatero bamboyo pa kumenyetsa kulikonse, osakweza mawu. "Mwana wanga."

Dobadoba anapulumuka m'manja mwake, malaya atang'ambika, n'kuthamangira kugeti. Mlamu anamutchera mwendo, anagwa chafufumimba. Bambo wa butchala anatola sipanala ya mateyala, yopingasa ija, n'kumumenya nayo pa bondo lamanzere. Kukuwa kumene kunatuluka pakamwa pa munthu uja kunaitana Biwi yense.

Sindikudziwa amene anayamba kunena kuti wakuba. Mawu amenewo ku tauni kuno akangotuluka sabwerera. Anthu anakhamukira m'galajamo kuchokera mbali zonse: amakaniko a magalaja ena, owotcherera, akabaza, ogulitsa zipangizo zakale, amayi ogulitsa mbatata yokazinga. Ofika mochedwa sanafunse kuti waba chiyani. Aliyense ankangofuna pomenya. Wina anabwera ndi paipi, wina ndi njerwa. Munthu wina amene dzulo lake ndinadya naye chipisi anadumpha n'kumuponda m'nthiti ndi nsapato zonse ziwiri.

Dobadoba anakwawa, mwendo ukukokeka kumbuyo, n'kulowa pansi pa kagalimoto kasiliva komweko. Anamukoka miyendo. Anagwira chitsulo cha pansi pa galimoto ndi manja onse, wina anamumenya zala ndi nyundo mpaka anataya. Atamutulutsa, nkhope yake sinalinso nkhope. Diso limodzi linali litatsekeka. Linalo linandipeza pakati pa anthu onse aja.

"Bigi," anatero, magazi akutuluka pamodzi ndi mawu. "Bigi, auzeni. Afunseni awa. Ndi awa ama..."

Mawu ake sankamveka bwino chifukwa cha mano ndi phokoso. Koma ine ndinawamva, ndipo ndinadziwa kuti akangomveka kwa anthu awiri atatu, paipi ija itembenukira kwa ine. Chimene ndinachita sindinauzepo munthu kwa nthawi yaitali, kupatula mkazi wanga. Ndinatsegula pakamwa n'kukuwa mokweza kuposa onse.

"Wakuba! Wakuba ameneyo!"

Ndinakuwa mpaka mawu ake anamira. Nditaponya maso kumbali ndinaona bambo wa butchala ataima, sipanala ili m'manja, wasiya kumenya. Sankayang'ana dobadoba. Ankayang'ana ine.

Nthawi imeneyo n'kuti wina atagubuduza teyala lomwe lija bamboyo anakhalira. Analiveka dobadoba m'khosi. Wakabaza wina anagwada pa njinga yake, anazula kapaipi, n'kuyamba kukhetsera petulo m'botolo la pulasitiki. Ena ankafunsana za machesi. Fungo la petulo litangomveka, mwini galaja, bambo wachikulire uja, anatuluka m'kashedi kake atanyamula chitsulo chachitali cha shafiti, n'kuima chotangadza pamwamba pa munthu wogonayo.

"Woyatsa moto pano ndimuswa mutu ine!" anakuwa. "Mukuona magalimoto a eni ake awa? Muli petulo monsemu! Mukufuna Biwi yense apse? Kaphereni kwanu!"

Sananene za chifundo kapena za Mulungu, ngakhale anali mkulu wa mpingo. Ananena za magalimoto, ndipo amakaniko anamumva, chifukwa aliyense anali ndi galimoto ya kasitomala pafupi. Anayamba kukankhana okhaokha, ena akufuna kumukokera kumsewu, ena akuletsa. Akulimbana choncho, galimoto ya apolisi inafika. Anthu anabalalika ngati nyerere zothiridwa phulusa. Bambo wa butchala sanathawe. Anaika sipanala pa boneti, n'kupereka manja yekha. Dobadoba anamunyamula anthu anayi, akupuma koma osayankha.

Makina anga ndinawapeza pansi, galasi litasweka pakona, koma akuyakabe. Mwini galaja anathira mchenga pamene panali magazi, n'kundiuza kuti ndipite kunyumba. Kunyumba ndinangoti kuntchito kunali ndewu.

Masiku otsatira ndinkaweruka msanga. Njinga iliyonse yoima pageti inkandidumphitsa mtima. Ndinamva kuti dobadoba ali moyo m'chipatala, amumanga nsagwada ndi mawaya, ndipo ndinapeza kuti mbali ina ya mtima wanga ikukondwera kuti sangalankhule. Ndinamvanso kuti bambo wa butchala watuluka pa belo.

Anabwera Loweruka la sabata yachiwiri, cha m'ma thili koloko masana. Ku Biwi anafunsa njira ya kwathu ponena kuti akufuna kudzathokoza. Mkazi wanga anali pakhonde akusita zovala za kutchalitchi ndi simbi ya makala, mwana akusewera kwa alandilodi. Ndinamva "Odi," ndipo mawuwo ndinawazindikira ndisanaone munthu.

"Kuli alendo anu," anatero mkazi wanga, akusuntha mpando.

"Musavutike, mayi, sindikhalitsa," anatero bamboyo. "Tilankhulane m'nyumba, a kompyuta."

Tinalowa pabalaza. Iye sanakhale, inenso sindinakhale. Anali ataonda, maso ali psuu.

"Munthu uja ankati tikufunseni. Ndabwera kudzafunsa. Munabweza ndinu?"

"Bambo, sindikudziwa ngati ija inali..."

"Koma mumabweza."

Ndinaganiza zokana. Koma iye anali atandiona ndikukuwa.

"Ndinkabweza. Ankandibweretsera dashibodi yokha. Galimoto sindinkaziona."

"Ndi dzanja liti?"

Sindinamvetse funsolo mpaka chibakera chinandipeza m'mimba. Mpweya unathawa. Ndinagwera pa tebulo, mbale za galasi zimene tinalandira pa ukwati zinasweka. Anandidzutsa ndi kolala n'kundimenya pakamwa, kenako pakhutu, khutulo linayamba kulira ngati muli njuchi. Ndinayesa kubwezera, ndinamumenya pachifuwa, koma zinali ngati ndikumenya thumba la simenti. Anandigwira mkono wamanja, anandikokera pakhomo la kuchipinda, anaika zala zanga pa felemu, n'kukankha chitseko ndi phewa lake lonse.

Ululu umenewo sindingathe kuufotokoza. Ndinaona kuwala koyera. Anatsegula chitseko kuti akankhenso, ndipo ndinaona zala zitatu zitaloza kumene zala siziloza.

Sanakankhe kachiwiri. Mkazi wanga analowa ndi simbi ija m'manja, n'kumumenya nayo kumutu, pamwamba pa khutu. Simbi inatseguka, makala amoto anamwazikira m'kolala mwake ndi pa kapeti. Bamboyo anabangula, anagwada pansi akukutumula malaya, magazi akuyenderera m'khosi. Mkazi wanga anakwezanso simbi, akukuwa mawu amene sindinamumvepo akuwatchula. Munthu wa kwaya, wosapha ngakhale nkhuku.

Akazi a alandilodi atasuzumira pazenera n'kuona magazi, anathamangira kumsewu akukuwa kuti kwalowa achifwamba. Ku Area 23 nyumba n'zothithikana. Mphindi ziwiri sizinathe, pabwalo panadzaza anthu. Anamukokera panja bamboyo, wina anamumenya ndi thabwa kumsana, wina anamugenda ndi theka la njerwa pa phewa. Iye sanadziteteze. Anangokhala pansi m'fumbi, miyendo atatambasula, manja ali pa maondo. Ndinaona mnansi wathu wina akutuluka m'nyumba mwake ndi chikwanje, ndipo ndinamva wina kumbuyo akufunsa ngati pali teyala.

Ndinatuluka dzanja nditalipanira m'khwapa, n'kudzigwetsa pakati pa iye ndi anthuwo.

"Musiyeni! Si wakuba! Ndi m'bale wanga, ndi nkhani ya pabanja!"

"M'bale wanu wakuthyolani chonchi?" anafunsa wa chikwanje uja.

"Ndamulakwira ndine. Musiyeni apite."

Mkazi wanga anandiyang'ana ali pakhomo, simbi ikadali m'manja. Abale anga onse ankawadziwa. Koma sanatsutse.

Ndimafuna nditanena kuti ndinachita zimenezo chifukwa cha chisoni chokha. Chisoni chinalipo, ndipo fungo la petulo la ku Biwi linali lisanachoke m'mphuno mwanga. Koma ndinkadziwanso kuti akafera pakhomo panga, kapena nkhani ikapita kupolisi, ntchito yanga ya madashibodi itulukira poyera. Zonse ziwiri zinali mumtima umodzi, ndipo sindingathe kunena chimene chinali chachikulu.

Anthu anayamba kubwerera m'mbuyo akung'ung'udza. Alandilodi anabweretsa madzi m'beseni ndi kansalu. Bambo wa butchala anapukuta magazi kumutu, anaimirira movutika, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwana uja anali wamwamuna," anatero. "Anandionetsa asanamutenge."

Alandilodi anamuperekeza mpaka pa siteji kuti wina asamutsatire.

Kuchipatala ndinanena kuti jeke inaterereka galimoto n'kundigwera padzanja. Namwino anayang'ana mlomo wanga wotupa ndi khutu, koma analemba zimene ndinanenazo. Tikubwerera pa minibasi ndinamuuza mkazi wanga zonse, kuyambira chikwama cha dobadoba mpaka kukuwa kwanga. Anamvetsera akuyang'ana pawindo. Titatsika anandifunsa funso limodzi.

"Ndiye ine ndamuotcha munthu woferedwa chifukwa cha inu?"

M'mawa mwake sanapite kutchalitchi. Anamanga zovala zake ndi za mwana n'kupita kwa mayi ake ku Kawale. Anakhalako milungu isanu ndi iwiri. Ankabwera Lachitatu lililonse kudzandichapira ndi kundisambitsa mkono, osalankhula zambiri, n'kubwerera dzuwa lisanalowe. Tsiku limene anabwereratu sananene kuti wandikhululukira. Anangoyamba kukolopa, n'kutaya kapeti yopserera ija kudzala.

Mlandu wa ku Biwi unalowa m'khoti. Anandiitana ngati mboni. Anandifunsa zimene makina anaonetsa, ndinanena manambala awiri aja. Anandifunsa zimene ndinaona, ndinanena za boneti ndi sipanala. Za amene anabweza dashibodi palibe anafunsa, popeza mlandu unali wovulaza munthu. Bambo wa butchala anali m'kabokosi ka oimbidwa mlandu, chipsera cha moto chili pakhosi, ndipo akanatha kunditchula. Sananditchule. Anavomera mlandu, anakakhala kundende miyezi ingapo. Ndinamva kuti butchala ija ankaiyendetsa mlamu wake. Bamboyo sindinakumane nayenso.

Zala ziwiri zinapola. Chapakati chinauma chopindika, moti mpaka lero mawaya ang'onoang'ono ndimagwira ndi dzanja lamanzere. Madashibodi ndinasiya. Ena ankabwerabe ndi zikwama zawo, ndinkangowaonetsa dzanja n'kunena kuti silingathenso ntchito yosamalitsa, iwo n'kuwoloka msewu.

Mvula itayamba ndinapita ku Area 25 kukamuona dobadoba. Zinanditengera masiku ambiri kuti ndilimbe mtima. Nyumba ndinaipeza pofunsa akabaza. Ananditsegulira mkazi wake, mayi wamng'ono thupi wobereka mwana, ndipo nditanena kuti ndine wa magetsi wa ku Biwi nkhope yake inasintha. Anandisiya pageti nthawi ndithu mvula ikuwaza, kenako anabwera n'kunena kuti ndilowe.

Anali pakhonde pa mpando wa pulasitiki, ndodo ziwiri zoyendera zitatsamira khoma. Mwendo wamanzere sunkapindika. Diso lija linali lotseguka koma loyera, losaona. Anali atavala malaya ositidwa bwino.

"Bigi," anatero. Mawu ankatuluka mopotoka chifukwa cha nsagwada.

Ndinakhala pa sitepe. Ndinapereka shuga ndi buledi zimene ndinatenga, mkazi wake anazilandira osathokoza. Ndinayamba kupepesa, mawu amene ndinakonza m'minibasi monse, koma anandidula.

"Ndinakumvani, bigi. Anthu onse aja ankakuwa, koma mawu anu ndinawamva. Muli ndi mawu abwino."

Mvula inkagunda malata. Anandifunsa za dzanja, ndinamuuza. Anaseka pang'ono, kusekako kunamupweteka, anagwira tsaya.

"Ndiye anakupezani. Ine sindinamutume. Apolisi anandifunsa kuchipatala, ndinalemba papepala kuti galimotoyo inabwera choncho. Mukuganiza kuti ndinakutetezani? Ndikanakutchulani ndikanadzimanga ndekha."

Kenako ndinafunsa chimene chinandiyendetsa ulendo wonsewo.

"Achimwene, ndiuzeni chinthu chimodzi. Dashibodi ya kagalimoto kasiliva kaja, inadutsa pa tebulo langa?"

Anandiyang'ana ndi diso lake limodzi. Ankadziwa yankho, ndinaona kuti akulidziwa. Iye sankaiwala galimoto, ankatha kukuuza mtundu wa mipando ya galimoto imene anagulitsa zaka zitatu zapitazo.

"Ndinkapita kwa anthu atatu," anatero. "Inu, wina wa ku Kawale, wina wa ku Mgona."

"Nanga imeneyo?"

"Sindikuuzani."

"Chonde, achimwene."

"Sindikuuzani, bigi. Mayi a mwana, aperekezeni alendo, mvula ingawatsekereze."

Mkazi wake anatsogola ndi ambulera, koma sanandifunditseko. Pageti anandibwezera jumbo ya shuga ndi buledi ija, n'kukoka chitseko. Ndinayenda wapansi mpaka pa siteji, ndipo minibasi yoyamba inali yodzaza, ndinadikira yachiwiri.